Mmene mungakhetsere ndi kutaya oyilo wakale mukamasintha nokha pakhomo

Eni galimoto ndi njinga zamoto ambiri amasintha okha oyilo pakhomo, ndipo palibe cholakwika pamenepa, chifukwa ntchitoyi si yovuta kwa munthu amene ali ndi sipanala yoyenera, komanso ndalama imene akanasiya kugalaja imatsala m'thumba. Chimene ambiri amaikapo mtima ndi oyilo watsopano: mtundu wake, mtengo wake, ndi kuonetsetsa kuti sanawagulitse wachinyengo. Oyilo wakuda wotuluka mu injini amayamba kumuganizira beseni litadzaza kale, munthu atatopa, manja ali bii, ndipo mapeto ake amangomukhuthulira kuseri kwa nyumba, m'ngalande kapena m'chimbudzi. Malangizo awa akukhudza oyilo wakaleyo, kuyambira pamene akutuluka mu injini kufikira pamene wachoka m'manja mwanu, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti muzidziwiratu kumene oyiloyo apite musanagwire n'komwe sipanala.

Oyilo akazungulira mu injini makilomita 5,000 kapena kuposerapo, amakhala atatola mwaye, tizidutswa ta zitsulo zopereseka, petulo kapena dizilo amene sanapse bwino, ndiponso mankhwala obwera chifukwa cha kuyaka kwa mafuta, omwe ena mwa iwo amatha kuyambitsa khansa ya pakhungu akamakhudza thupi kawirikawiri kwa zaka zambiri. Oyilo sasungunuka m'madzi ndipo saola msanga m'nthaka. Akafika mumtsinje amayandama n'kuyala kachikopa kopyapyala pamwamba pa madzi, kamene kamatchinga mpweya wofunika kwa nsomba ndi zamoyo zina, ndipo akatswiri a zachilengedwe amawerengera kuti lita imodzi yokha ikhoza kuipitsa madzi okwana malita 1,000,000. Galimoto zing'onozing'ono zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Sienta ndi Corolla, zimatulutsa malita 3 kapena 4 pa kusintha kumodzi, Hilux ya dizilo imatulutsa pafupifupi malita 7, pamene njinga ya kabaza imatulutsa pafupifupi lita imodzi koma imasinthidwa pafupipafupi. Ngalande za m'tauni sizipita kumalo oyeretsera madzi. Zimathira mwachindunji m'mitsinje monga Mudi ku Blantyre ndi Lingadzi ku Lilongwe, ndipo kumunsi kwa mitsinjeyi kuli anthu ochapa, osamba ndi othirira ndiwo zamasamba. N'chifukwa chake pangano la maiko la Basel la 1989, limene dziko la Malawi linalowa nawo, limaika oyilo wakale m'gulu la zinyalala zoopsa, ndipo kuno kwathu lamulo losamalira chilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, limaletsa kuipitsa madzi ndi nthaka.

Choyamba, tsiku losintha oyilo lisanafike, pitani kugalaja kapena pamalo omwetsera mafuta pamene amasinthanso oyilo, mukafunse ngati angakulandireni oyilo wakale. Malo otere amakhala ndi dramu losungiramo oyilo wa galimoto zimene akonza, ndipo malita anu ochepawo sawachulukira, makamaka ngati oyilo watsopano kapena fyuluta mwagula pomwepo. Funsaninso kuti dramulo likadzaza limapita kuti. Funso limeneli si lamwano, ndipo yankho lake lidzakuuzani ngati malowo ndi oyenera, pakuti palibe phindu kunyamula oyilo mtunda wautali kukamusiya kwa munthu amene akamuthire m'ngalande yomweyo imene inu mumaipewa. Ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma lanu ndi malo enanso ofunsirako.

Mukapeza kokasiya, konzani chokhetseramo. Chiyenera kukhala chachifupi kuti chilowe pansi pa galimoto, chotakata pakamwa, ndipo chizitha kulandira oyilo wochuluka kawiri kuposa amene mukuyembekezera, chifukwa beseni lodzaza mpaka m'milomo simungalikoke pansi pa galimoto osataya. Mabeseni opangidwira ntchitoyi amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto, koma chigubu chakale chapulasitiki chimagwira ntchito bwino lomwe. Chigonekeni cham'mbali, mudule mbali yotakata imene yayang'ana kumwamba n'kusiya mkombero wa zala zitatu kuzungulira, ndipo chivindikiro chake muchimange zolimba. Mkomberowo umaletsa oyilo kukhavukira kunja pokoka, ndipo pakamwa pa chigubucho padzakhala potsanulira mukamaliza. Cha malita 10 chimakwanira galimoto yaing'ono, pamene cha malita 20 n'choyenera galimoto zazitali za dizilo. Beseni la kukhitchini, losambira kapena lochapira musaligwiritse ntchito ngakhale mutati mulitsuka, chifukwa pulasitiki imagwira oyilo ndipo sopo samuchotsa yense. Chokhetseramo chikhale cha ntchito yokhayi mpaka chidzathe.

Pafunikanso chigubu chosungiramo, fanelo, magolovesi a labala, nsanza, katoni yophwasula, pepala lalikulu lapulasitiki, ndi ndowa ya mchenga wouma kapena utuchi. Ngati mulibe fanelo, dulani botolo lapulasitiki pakati n'kugwiritsa ntchito mbali ya kukamwa. Mchenga kapena utuchi ukhale pomwepo ntchito isanayambe, osati kukaufuna oyilo atatayika kale.

Malo ogwirira ntchito akhale osatsetsereka, makamaka pasimenti, kutali ndi chitsime, mjigo, ngalande ndi dimba. Yalani pepala lapulasitiki pansi pa injini, pamwamba pake muyale katoni, kuti madontho agwere pa katoniyo m'malo molowa m'dothi. Ana, nkhuku ndi agalu zikhale kutali. Pewani tsiku lamphepo ndiponso nthawi imene mvula yayandikira, pa zifukwa zimene zioneke pansipa. Ngati galimoto iyenera kukwezedwa, musalowe pansi pake itakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa zosanjikiza, popeza jeke imatha kutsetsereka ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Ichirikizeni ndi masitandi achitsulo, mumange handibuleki ndi kutsekereza matayala a kumbuyo ndi mitengo yolimba.

Lizani injini kwa mphindi zisanu kuti oyilo afunde, kenako muizimitse n'kudikira pang'ono. Oyilo wofunda amatuluka msanga ndipo amanyamula nsenga zimene zinadikha pansi pa sampu, kathanki ka oyilo ka kunsi kwa injini, koma wa galimoto imene yangofika kumene paulendo amatentha pafupifupi ngati madzi owira, amawaula dzanja ndipo amatha kufewetsa chigubu chapulasitiki. Ngati mwachokera kutali, dikirani kufikira pamene mungathe kugwira sampu ndi chikhatho osachichotsa msanga. Tsegulani chivindikiro chothirira oyilo pamwamba pa injini kuti mpweya uzilowa, oyilo azituluka mosadukizadukiza.

Apa ndi pamene oyilo wambiri amatayikira pansi, choncho pafunika kufatsa. Pa galimoto zambiri bauti yokhetsera siyang'ana pansi ndendende. Ili cham'mbali kapena chakumbuyo kwa sampu, ndipo ikangochoka oyilo amathamanga mopingasa n'kukagwera patali ndi bowo, mwina kutalika kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Mphamvu ikamachepa, malo ogwerawo amabwerera pang'onopang'ono kufikira oyilo akugwa molunjika pansi pa bowolo. Munthu amene watchera beseni pansi penipeni pa bauti amaona oyilo woyamba akulumpha beseni, ndipo amene walitchera patali n'kuchokapo amapeza wotsiriza atagwera pansi. Tcherani chokhetseramo kuti mbali yake imodzi ikhale pansi pa bauti ndipo mbali yaikulu ikhale kumene bautiyo yaloza, kenako muzichisuntha motsatira oyiloyo.

Masulani bauti ndi sipanala yokwana bwino, yomwe pa galimoto zambiri za Toyota ndi ya 14 ndipo pa za Honda ndi ya 17. Ikangofooka, ikani sipanala pambali n'kupitiriza ndi zala mutavala magolovesi, uku mukuikankhira mkati kuti oyilo asayambe kutuluka mazinga asanathe. Mukamva kuti mazinga atha, ichotseni mwachangu mokokera cham'mwamba ndi kumbali, dzanja lichoke m'njira ya oyilo, ndipo mkono wanu usakhale pansi pa bowo chifukwa oyilo amatsetsereka nawo mpaka m'chigongono. Bauti ikagwera m'beseni musaipise ndi dzanja oyilo akadali wotentha. Idzapezeka potsanula, kapena muikoke ndi maginito. Onaninso kuti washala wake watuluka nayo limodzi, chifukwa nthawi zina amamatirira pa sampu.

Siyani oyilo akhe kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Chakumapeto amatuluka mopyapyala kwambiri, ndipo kamphepo kakang'ono kamakwanira kumuuluza n'kumuwaza pansi, patayala ndi pa zovala zanu. Ngati mphepo yayamba mwadzidzidzi, imikani katoni kumbali imene ikuchokera. Akasiya kutuluka n'kuyamba kudontha patalipatali, pukutani pabowo, bwezerani bauti ndi washala watsopano, ndipo muimange molimba koma mosapyoza muyeso, chifukwa mazinga a sampu akaphwanyika galimoto imadontha oyilo paliponse pamene yaima, ndipo kuipitsa kumene mumapewa kumachitika tsiku ndi tsiku.

Fyuluta imaiwalika kawirikawiri, chonsecho imatuluka itadzaza oyilo. Sunthirani chokhetseramo pansi pake musanaimasule, ndipo ngati ili pamalo pamene oyilo angayenderere pa zitsulo zina, ivekeni jumbo ikangofooka kuti oyilo agwere m'jumbomo pamene mukumaliza kuimasula. Mukaichotsa, igwireni pakamwa pali m'mwamba kufikira mutaifikitsa pa beseni, kenako muizondotse. Fyuluta yachitsulo ili ndi kavalavu mkati kamene kamatsekereza oyilo, choncho kungoizondotsa sikutulutsa yense. Ibooleni ndi msomali kumutu kwake kozungulira kuti mpweya ulowe, muisanjike pa timitengo tiwiri pamwamba pa chokhetseramo, ndipo ikhale ikukha kwa maola osachepera 12 pamalo osafika mvula. Ikauma, ikulungeni m'jumbo n'kupita nayo limodzi ndi oyilo, popeza chitsulo chake chimatha kusungunulidwa n'kugwiranso ntchito. Galimoto zina zatsopano zili ndi fyuluta yapepala yolowa m'kabokosi kosatayidwa; pepalalo nalonso likhe kaye lisanakulungidwe.

Oyilo asagone m'beseni lapululu. Nkhuku zimagweramo, ana amaseweretsa, munthu wodutsa usiku amalipunthwa, ndipo mvula ikagwa madzi amamira pansi n'kukankhira oyilo pamwamba mpaka kusefukira pabwalo. Mukangomaliza kuthira oyilo watsopano mu injini, chigubu chimene munagulira oyiloyo chimakhala chopanda kanthu, ndipo chimenecho ndicho chosungiramo chabwino koposa, chifukwa chinapangidwira oyilo, chili ndi chivindikiro chothina, ndipo palibe angachisokoneze ndi cha chakumwa. Chiimikeni pa katoni, muike fanelo, ndipo mutsanule pang'onopang'ono oyilo atazizira, n'kusiya mpata wa zala ziwiri pamwamba. Potsanulapo yang'anitsitsani zimene zatsalira pansi pa beseni. Tizitsulo tonyezimira tambiri timasonyeza kuti china chake chikudyeka mu injini, ndipo oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka amasonyeza kuti madzi akulowa mmene sayenera kulowa; zonse ziwiri n'zofunika kumuonetsa makaniko mwamsanga.

Mabotolo a zakumwa, zigubu za mafuta ophikira ndi zigubu zotungira madzi musasungiremo oyilo. M'makomo mwathu chigubu sichitayidwa: lero muli oyilo, mawa wina wachitsuka n'kukatungira madzi kapena kuthiramo thobwa, ndipo mwana akaona botolo la chakumwa muli zakuda amayesa n'chakumwa chomwecho. Pewaninso zigubu zimene munali mankhwala a mbewu, penti kapena jiki. Pa chigubu chilichonse lembani ndi zilembo zazikulu kuti muli oyilo wakale, mumange chivindikiro, ndipo muchiike choimirira pamalo ozizira, okhomeka, kutali ndi moto ndi chakudya.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi chakuti oyilo wakale asasakanizidwe ndi china chilichonse. Pogwira ntchito pagalimoto pamakhala petulo wotsukira zitsulo, palafini, mafuta a mabuleki, madzi oziziritsa injini ndi tina wosungunulira penti, ndipo zimaoneka zosavuta kuthira zonsezi m'chigubu chimodzi. Komatu oyilo weniweniyo satha mphamvu mu injini. Amangoda ndipo mankhwala owonjezeramo ndi amene amatha, kotero kuti akakhala yekha amatha kuyengedwanso kukhala oyilo wabwino, kapena kusefedwa n'kukayatsira ng'anjo za m'mafakitale zimene zimatentha kwambiri. Akasakanizika ndi zinazo, kuyenga kumavuta, chigubu chimodzi chimatha kuwononga dramu lonse la amene wakulandirani, ndipo petulo amachititsa kuti oyiloyo azigwira moto mosavuta. Chilichonse chikhale m'botolo lakelake lolembedwa.

Oyilo akatayika, musathirepo madzi, chifukwa madzi amangomumwaza n'kumutengera kungalande. Zungulizani mchenga kapena utuchi m'mphepete mwa malo otayikawo kuti asafalikire, kenako mukwirire pakati, mupondeponde, mudikire kuti umwe, ndipo muwole n'kuika m'jumbo yolimba. Ngati watayikira padothi, palani dothilo ndi fosholo kufikira pamene lakuda lathera. Mchenga, dothi, katoni ndi nsanza zonona muzimange m'jumbo n'kufunsa kumene mukukasiya oyilo ngati angalandirenso zimenezi, ndipo musaziunjike pafupi ndi moto. Chokhetseramo musachitsuke ndi madzi. Chipendekeni kuti chikhere m'chigubu, muchipukute ndi nsanza, n'kuchisunga m'thumba lapulasitiki. M'manja sambani ndi sopo ndi madzi ofunda, osati petulo kapena palafini monga ambiri amachitira, popeza zimenezi zimaumitsa ndi kung'amba khungu, zoipa n'kulowa mosavuta. Zovala zonona oyilo zichapidwe pazokha, osati kumtsinje.

Mukakhala ndi chigubu cha oyilo wakale pakhomo, sipalephera kubwera anthu odzapempha, ndipo zimene amafunira ndi zodziwika. Ena amathira m'chimbudzi chokumba kuti fungo ndi ntchentche zithe. Oyiloyo amasokoneza tizilombo timene timaoletsa zonyansa, ndipo dzenjelo limamufikitsa pafupi ndi madzi a pansi, amene m'madera othithikana ndi omwewo otungidwa pachitsime cha pafupi. Phulusa ndi chivindikiro cha pabowo zimachepetsa fungo popanda vuto limeneli. Ena amapaka mitengo ya denga, ya khola ndi ya nkhokwe poopa chiswe. N'zoona kuti chiswe chimadana naye, koma mvula imamutsukira m'nthaka, ziweto zimanyambita, mtengowo umagwira moto msanga, ndipo ukadzatha ntchito umasanduka nkhuni zophikira. Mankhwala otetezera matabwa opangidwira ntchitoyi alipo m'masitolo a zomangira. Ena amapaka agalu, nkhumba ndi ng'ombe pa mphere kapena pa zilonda, chonsecho chiweto chimadzinyambita n'kumeza poizoni, ndipo bala limanyeka m'malo mopola. Nkhani imeneyo ndi ya alangizi a ziweto. Palinso owaza pabwalo kuti fumbi lidikhe, olembera mizere pabwalo la mpira, ndi okolezera mbaula kapena moto wa zinyalala, pamene utsi wake umanyamula zitsulo ndi mankhwala aja n'kuwalowetsa m'mapapo a aliyense wokhala pafupi. Kukana pempho la mnansi n'kovuta, koma ndi bwino kumufotokozera chifukwa chake kusiyana ndi kumupatsa chinthu chodzamupweteka. Njira yosavuta ndi kusasunga oyiloyo nthawi yaitali.

Musamuikenso m'zinyalala zonyamulidwa ndi khonsolo, ngakhale ali m'chigubu chotseka. Zinyalalazo zimakatayidwa kumtaya monga wa Mzedi ku Blantyre kapena wa ku Area 38 ku Lilongwe, kumene zigubu zimaphulika zikapsinjika, moto umabuka, ndipo anthu otola zinthu amatenga zigubuzo n'kukhuthula zamkati pomwepo. Kukumba dzenje n'kumukwirira nakonso sikuthetsa kanthu, chifukwa amakhalabe m'nthaka zaka zambiri ndipo mvula iliyonse imamutsitsa pang'ono.

Kwa amene akukhala kunja, njira zake n'zokhazikika kale. Ku South Africa kuli bungwe la ROSE Foundation, limene linayamba mu 1994 ndipo limayendetsa ntchito yotolera oyilo wakale kudzera mwa otolera ovomerezeka ndi malo okasiyako. Ku Britain malo ambiri a makhonsolo olandirira zinyalala za m'nyumba ali ndi thanki ya oyilo wa injini, ndipo kuthira oyilo m'ngalande ndi mlandu. Ku Zambia ziphaso za onyamula ndi kusunga zinyalala zoopsa zimaperekedwa ndi bungwe la boma loona za chilengedwe la ZEMA.

Kuno kwathu vuto limakula kwa amene ali kutali ndi galaja yaikulu, ndiponso kwa akabaza, amene lita imodzi imawaonekera yochepa kwambiri moti sangaiyendere ulendo. Koma pa siteji ya njinga makumi awiri, malita amodziamodziwo amadzaza chigubu cha malita 20 m'kanthawi kochepa, ndipo dothi lakuda lozungulira malo okonzerako njinga limaonetsa kumene oyiloyo wakhala akupita. Gulu la pa siteji, kapena anansi angapo okhala ndi galimoto, angagwirizane kukhala ndi chigubu chimodzi chachikulu kapena dramu la malita 200 lokhala ndi chotsekera, loikidwa pasimenti pansi pa denga, ndi munthu mmodzi woyang'anira kuti musathiridwe china. Oyilo wochuluka komanso wosasakaniza savuta kupezera womutenga poyerekeza ndi wa m'timabotolo.

Tsiku lokasiya, onaninso kuti chivindikiro n'chothina, muike chigubu m'jumbo, kenako m'katoni kapena m'ndowa, ndipo muchiimike m'buti mochichirikiza ndi zinthu zina kuti chisagwe pa mabampu. Chisayende pamodzi ndi ufa, ndiwo kapena chakudya cha ziweto. Mukafika, perekani oyiloyo m'manja mwa wogwira ntchito pamalopo, mumuuze kuti ndi wa injini wosasakaniza ndi china, ndipo musasiye chigubu pageti malowo atatseka. Akakhuthulira m'dramu lawo, pemphani kuti akubwezereni chigubucho, muchitseke n'kukachisunga pamodzi ndi chokhetseramo ndi fanelo podikira kusintha kotsatira.